Ku Lusaka timasaina, kwa Katuli timazemba

Pa 8 Disembala 1994, mumzinda wa Lilongwe, atsogoleri a mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa anakhazikitsa COMESA, ndipo mlembi wamkulu wa bungwe latsopanolo anali Mmalawi, malemu Bingu wa Mutharika. Kuchokera tsiku limenelo takhala tikunyadira kuti bungweli linabadwira pakhomo pathu. Nthambi yake yoona kuti makampani akupikisana mwachilungamo ilinso ku Lilongwe komweko. Koma patangotha zaka zitatu, mu 1997, dziko la Mozambique linatuluka, ndipo mu 2000 la Tanzania linatsatira. Mwa mayiko atatu amene tinagundana nawo malire munatsala Zambia yokha. Lero mu COMESA timakhala pamodzi ndi Egypt, Tunisia ndi Mauritius, pamene dziko limene latizinga kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo, limene malire ake ndi ife ndi makilomita pafupifupi 1,500, mulibemo.

Kwa munthu wa ku Capital Hill imeneyi ndi nkhani yakale. Kwa munthu wa kwa Katuli ndi nkhani ya thumba la nyemba limene akufuna kugulitsa mawa. Chanditopetsa ine ndi chizolowezi chathu chotumiza nthumwi ku misonkhano ya zachuma ya m'chigawo chino zili chimanjamanja, n'kubwerako ndi chithunzi cha pagulu ndi chikalata cha mfundo, pamene anthu amene amagula ndi kugulitsa modutsa malire tsiku ndi tsiku sanafunsidwe kanthu popita, ndipo sauzidwa kanthu pobwera.

Amene simunafikeko imvani. Ukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi, msewu umakwera mapiri a kwa Chowe kulowera ku Namwera mpaka pa chipata cha Chiponde, ndipo kutsogolo pang'ono ndi Mandimba, m'chigawo cha Niassa. Dera la Mfumu Katuli lili kumtunda komweko, kumpoto kwa Namwera, mogundana ndi malire. Malirewo anawalemba ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa Ayao amene kwa mibadwo ingapo anali akuyenda kale mitunda imeneyi, kuchokera kunyanja kuno mpaka ku Kilwa, atasenza minyanga, ndipo tisabise, akuyendetsanso akapolo. Mzere wa azunguwo unadula mabanja pakati. Mpaka lero mwamuna wa mbali ya Mozambique amadzakhala pachikamwini mbali ino, maliro a uko amalira ndi a kuno, sadaka amadyera limodzi, ndipo alipo amene nyumba ili ku Malawi munda uli ku Mozambique. Pamsika kwacha ndi metikali zimayendera limodzi. Mgwirizano wa zachuma umene akuluakulu akhala akukambirana m'mahotela kwa zaka zoposa 40, anthu awa anaupanga kalekale ndi mapazi awo. Chimene boma lawonjezerapo ndi dzina lakuti ozembetsa katundu.

Ganizo la misika ya m'chigawo silinali loipa. Mu 1958 bungwe la United Nations linakhazikitsa ECA, nthambi yake yoona za chuma cha mu Africa, likulu lake ku Addis Ababa, ndipo ofesi yake ya chigawo chathu ili ku Lusaka. Ndi ECA yomweyi, m'nthawi ya mtsogoleri wake a Adebayo Adedeji a ku Nigeria, imene inakankha mayiko athu kuti ayambe kugulana okhaokha m'malo momangoyang'ana ku London ndi ku Lisbon. Pamenepo ndi pamene panachokera pangano la PTA la mu 1981, limene linadzasanduka COMESA. A Bingu nawonso anagwirapo ntchito ku ECA asanapite ku PTA. Chaka ndi chaka nduna za zachuma zimakumana pansi pa ECA. Mu 2024 zinakumana ku Victoria Falls. Mu SADC tilimo kuyambira 1980 ikadali SADCC, pangano lake la zamalonda linasainidwa ku Maseru mu 1996, ndipo tachereza misonkhano ya atsogoleri ake ku Lilongwe mu 2013 ndi mu 2021. Tinavomerezanso msika wa Africa yense, AfCFTA, umene unatsegulidwa pa 1 Januwale 2021. Mipando tili nayo yambirimbiri, ndipo palibe amene anatitsekera chitseko. Nkhani ili poti tikakhala pampandopo timanena chiyani, ndipo watituma ndani.

Kuti muone kuti mpando ukhoza kubala kanthu, pitani ku Mchinji. Kuyambira 2010 amalonda ang'onoang'ono odutsa pakati pa Mchinji ndi Mwami ali ndi njira yachidule ya COMESA. Katundu wako akakhala pa mndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira mlingo umene unayambira pa madola 500 koma lero uli pa 2,000, sufunika kulipira ejenti kapena kukasaka chikalata kutauni. Umadzaza fomu yaifupi pa boda pomwepo, ndipo msonkho wolowetsera katunduyo sulipira. Pamakhalanso munthu pa desiki wothandiza amayi kudzaza mafomuwo. Sikuti ku Mchinji zonse zili myaa. Misonkho ina imakhalapobe, mndandandawo ndi waufupi, ndipo amalonda amadandaula. Koma pali pepala limene mayi wa geni angaloze ndi chala n'kunena kuti ufulu wanga ndi uwu. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulaponso chipata chimodzi chogwirira ntchito mayiko onse awiri.

Njira ya COMESA imeneyi pa Chiponde singagwire ntchito, chifukwa mbali inayo si membala. Pa malonda ndi Mozambique singagwirenso pa Nayuchi, pa Muloza, pa Marka, pa Mwanza kapena pa Dedza. Zipata zimenezo ndi za chigawo chonse cha kumwera ndi gawo lalikulu la pakati, kumene kuli Amalawi ambiri.

Akatswiri a ku unduna andiyankha msanga. Anena kuti Mozambique ili mu SADC, kuti msika womasuka wa SADC unatsegulidwa mu 2008, kuti tili ndi pangano lathu la mayiko awiri la zamalonda la mu 2005, komanso kuti pali komiti yokhazikika ya mayiko awiriwa imene imakumana n'kusainirana zikalata zatsopano. Zonsezo n'zoona. Koma mapangano akuluakuluwo analembedwera kampani yokhala ndi thiraki, ejenti ndi loya. Pamafunika chikalata chotsimikiza kumene katundu wachokera, chilolezo chotulutsira mbewu kunja, chiphaso choti mbewuzo zilibe matenda. Pangano limene mayi wa kwa Katuli sanalimvepo, limene silinapachikidwe pakhoma la pa boda m'Chiyao kapena m'Chichewa, limene wapolisi wa pa rodibuloko sakulidziwa kapena akunamizira kusalidziwa, kwa mayiyo kulibe.

Tamuyang'anitsitsani mayiyo. Ali ndi matumba atatu a nyemba, ndipo mlamu wake wamuimbira kuti sabata ino mbali ya Mozambique mtengo uli bwinoko. Kuti adzere pa Chiponde ayenera kulipira njinga yamoto ulendo wozungulira, n'kukaima pamzere osadziwa kuti amulipiritsa zingati. Ndiye m'bandakucha mnyamata wa kabaza amamanga matumbawo ndi mphira pa kaliyala, awiri chopingasa, limodzi pamwamba, n'kulowa kanjira ka m'minda, mame akunyowetsa chitenje cha mayiyo amene akutsatira pambuyo. Akakumana ndi wovala yunifolomu, wa mbali ino kaya mbali inayo, funso lake aliyense amalidziwa: "Amayi, mwatisungirako chiyani?" Akalimbalimba, thumba limodzi latsala pomwepo, ndipo alibe kokadandaula chifukwa pamaso pa lamulo wolakwa ndi iyeyo. Kandalama kamene boma likanatolera mwachilungamo, kochepa ndi kodziwika, kathera m'matumba a anthu. Phindu la mayiyo laphwa. M'mabuku a boma malondawa sanachitike n'komwe, moti nthumwi yathu ikakhala pansi ku likulu la SADC ku Gaborone ndi ziwerengero zake, dzina la Katuli mulibemo.

Komatu malonda omwewa ndi amene amatipulumutsa. Chaka cha njala, chimanga chimene chimafika m'misika ya Mangochi, Machinga, Phalombe ndi Mulanje chimalowa pa njinga kuchokera ku Niassa ndi ku Zambezia, ADMARC isanakolekeko ndi sikelo yomwe. Njala ikatigwira timawatcha amalonda. Tikakolola bwino boma limaletsa chimanga kutuluka, mtengo n'kulowa pansi, ndipo anthu omwe aja timayamba kuwathamangitsa.

Alipo amene amaganiza kuti ukazembe ndi nkhani ya masuti ndi maphwando, yosakhudza khasu. Akafunse alimi a nandolo. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, a Narendra Modi, inafika ku Maputo, ndipo Mozambique inasainirana ndi India pangano loti izigulitsa kumeneko nandolo ndi mbewu zina za gulu la nyemba, kuyambira matani 100,000 pachaka mpaka kufika 200,000. Mu Ogasiti 2017 India inachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake. Mitengo inagwa mbali zonse ziwiri za malire, koma Mozambique inali ndi khomo lake lotsegula, lolembedwa papepala. Ife tinalibe. Alimi amene anauzidwa kuti nandolo ndiye mbewu yolowa m'malo mwa fodya anatsala ndi matumba akufumbwa m'nyumba, mavenda akutchula mtengo wonyoza. Pangano lathu ndi India, la matani 50,000 pachaka, linadzabwera mu 2021, patapita zaka zisanu. Mlimi wa kwa Katuli ndi msuweni wake wa ku Mandimba analima mbewu imodzi, pa dothi limodzi, ndi mvula imodzi. Wina boma lake linamusungira msika, winayo ayi.

Ndipo ndi Mozambique makamaka takhala tikuphonya mochititsa manyazi. Mu Okutobala 2010 a Bingu, amene anakulira m'mabungwe omwewa, anaitana a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda kudzatsegula doko la Nsanje. Bwato limene khamu limadikira silinafike. Akuluakulu a Mozambique analigwira pa Zambezi, ponena kuti panalibe chilolezo ndipo kafukufuku wa zachilengedwe anali asanachitike. Tinamanga doko pa mtsinje umene umakathira m'nyanja m'dziko la eni tisanamalize kukambirana ndi eniakewo. Chaka chotsatira tinachereza msonkhano wa atsogoleri a COMESA ku Lilongwe, ndipo chimene anthu amakumbukira pa msonkhanowo ndi kubwera kwa a Omar al-Bashir a ku Sudan, amene khoti la ICC limawafuna. Zokhudza mlimi palibe amene anganene.

Mlanduwu sindikuuika pa chipani chimodzi. UDF, DPP, PP ndi MCP onse alamulirapo, chizolowezi n'chimodzimodzi. Kalata yoitanira msonkhano ikafika, funso loyamba mu ofesi silikhala lakuti tikanene chiyani koma lakuti apite ndani, chifukwa ulendo wakunja uli ndi alawansi ya madola, ndipo m'dziko losowa madola ngati lathu ulendo ndi malipiro. Chaka chino apita uyu, chaka chamawa wina, aliyense kukayambira pachiyambi, kukakhala moyang'anizana ndi anthu a mayiko ena amene agwira nkhani yomweyo kwa zaka khumi ndipo analoweza ndime iliyonse. Ukazembe nawo tinausandutsa mphotho ya amene anavina bwino pa kampeni. Ogwira ntchito m'boma odziwa ntchito yawo alipo, ena ndinaphunzira nawo, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi: amachezera usiku kulemba malangizo, mawa lake pa ndege pakwera wina. Tikumapita kuchigayo opanda chimanga, n'kumadabwa kuti anzathu akubwerako ndi ufa, ife fumbi lokha m'mutu.

Palinso kanthu kena kamene kamandiseketsa mowawa. Dziko lozingidwa ndi anthu olankhula Chipwitikizi, m'masekondale mwake limaphunzitsa Chifalansa. Sindingadabwe ngati mnyamata wa kabaza wa pa Chiponde amadziwa Chipwitikizi chowerengera ndalama kuposa ena amene timawatuma kukatiimira. Kazembe wathu ali ku Maputo, ofesi ina ili ku Tete, koma kuchoka ku Maputo kufika ku Mandimba pamsewu ndi ulendo wa masiku. Nkhani za malire a Mangochi, monga mikangano ya minda ya kwa Makanjira imene inakula atayamba kutsimikizanso miyala ya malire, amalimbana nazo ndi mafumu, a DC ndi apolisi a mbali ziwirizi. Amenewa ndi amene amadziwa kuti ndi kanjira kati kamene kamadzaza tsiku la msika, ndi mbewu iti imene imalowa mwezi uti. Pa tebulo lokambirana sawaitana.

Tsono pali ena, ndipo akuchuluka, amene akuti tingosiya: tituluke m'mabungwewa, ndalama za umembala ndi za maulendo tigulire mankhwala. Mkwiyo wawo ndi womveka, koma apa akulakwitsa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, a Chakwera anaimitsa maulendo akunja a iwo eni ndi a nduna zawo kwa miyezi ingapo, ndipo anthu anaomba m'manja. Kuomba m'manjako kunasonyeza mmene maulendowa ananyansira anthu, koma kukhala pakhomo sikunatsegule msika ndi umodzi womwe. Dziko lopanda doko la panyanja yamchere silingadzitsekere m'nyumba. Mafuta athu ndi feteleza wathu zimadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Tinaziona mu 2025. Mu Malichi boma linaletsa kulowetsa katundu wina wakunja monga ufa, mpunga ndi zipatso. Mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa mbewu zathu kulowa kwawo n'kuopsezanso feteleza wathu, ndipo nthochi ndi tomato zinaolera pa Songwe. Nduna za mayiko awiriwa zinakakumana ku Dodoma kumayambiriro kwa Meyi. Chinatsegula chipatacho ndi kukambirana. Dziko laling'ono ndi limene limafunitsitsa malamulo olembedwa, chifukwa popanda malamulo lalikulu limangochita zimene lafuna.

Ndipo nthawi ino si yothawa. Msewu wa Cuamba, Mandimba mpaka Lichinga tsopano ndi wa phula. Njanji ya ku Nacala ikuyenda kudzera pa Nayuchi. Mu Okutobala 2023 atsogoleri a Malawi, Mozambique ndi Zambia anasainirana mapangano a njira ya Nacala pa doko pomwepo. Kwa Katuli sikulinso kumathero a dziko, kuli pafupi ndi msewu waukulu wopita kunyanja yamchere. Koma ngati mapanganowo ndi a sitima za malasha ndi mathiraki a makampani okha, anthu a kumeneko azingoimirira m'mbali mwa msewu kuwerenga matayala.

Akatopa kuwerenga amanyamuka. Palibe amene sadziwa kuti anyamata a Mangochi amakhamukira ku Joni, ndipo mabasi obweza Amalawi othawa zipolowe zodana ndi alendo mu 2015 anadzaza ndi ana a boma limeneli. Mnyamata amene akanatha kuyendetsa geni ya nyemba ndi usipa pakati pa Namwera ndi Lichinga, mtunda wa tsiku limodzi, amagulitsa mbuzi za mayi ake kuti adutse mayiko awiri kukagona m'shaki ku Johannesburg. Msika wapafupi tinamutsekera ndi mapepala, ndiye wasankha wakutali.

Chimene ndikufuna si chachilendo. Nduna isanakwere ndege kupita ku ECA, ku SADC kapena ku COMESA, iyambe yaonekera ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zamalonda n'kunena zinthu ziwiri kapena zitatu zimene ikukamenyera. Ikabwerako inene zimene yapeza ndi zimene zakanika, poyera, wailesi zikuulutsa. Mfundozo zisachokere m'kompyuta ya mlangizi wolipidwa ndi mabungwe othandiza. Zichokere pabwalo la mfumu kwa Katuli, kwa Jalasi, kwa Bwananyambi ndi kwa Makanjira. Bungwe la amalonda odutsa malire lilipo m'dziko muno, ndipo mpando umodzi mwa mipando ya onyamula zikwama za mabwana ukhoza kupita kwa mayi wochokera m'bungwelo popanda kuwonjezera ndi tambala yomwe. Wogwira ntchito amene wapatsidwa nkhani ya Mozambique aigwire zaka zambiri, aphunzire chinenero, asasinthidwe chifukwa boma lasintha.

Koma chachikulu ndi ichi: zimene a ku Mchinji ali nazo ndi Zambia, a ku Mangochi akhale nazo ndi Mozambique, kaya zidzera ku SADC kaya pa mgwirizano wa mayiko awiri. Mndandanda wake ukhale wa katundu amene anthu amanyamuladi: nyemba, nandolo, chimanga, mtedza, usipa wouma, zitenje, sopo, shuga. Mlingo wa ndalama udziwike. Kusainirana ku Maputo kapena ku Lilongwe sikukwanira. Muyeso wake ndi khoma la pa Chiponde, ngati papachikidwa chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi chonena kuti thumba ili sulipira, ili ulipira zakuti, ndipo wina akakuvutitsa imba nambala iyi. Pa tinjira timene anthu amadutsa kale, kufupi ndi misika ya m'malire, pakhale kaofesi ka munthu mmodzi kapena awiri ndi buku la malisiti, kuti mayi uja asamazungulire mtunda wonse pofuna kumvera lamulo.

Aphungu a ku Mangochi, ntchitoyi ndi yanu, osati kungonyamula mabokosi a maliro. Nyumba ya Malamulo ikatsegulidwa mmodzi wa inu aimirire afunse nduna kuti ku msonkhano wapitawu kunapita anthu angati, anadya ndalama zingati, ndipo chasintha n'chiyani pa chipata cha Chiponde. Nduna ikayankha kuti zokambirana zili mkati, phunguyo aimirirenso afunse tsiku ndi mwezi.